Bwalo lidagamula, koma mtolo wa ana okondana amuna kapena akazi okhaokha watsalira makolo

Lilongwe: Pa 28 June 2024 oweruza atatu a bwalo lalikulu la milandu, omwe adakhala mumzinda wa Blantyre ngati bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko lino, adagamula kuti magawo 153, 154 ndi 156 a malamulo a milandu ndi zilango sakusemphana ndi malamulo aakulu a dziko la Malawi. Awa ndi magawo omwe apolisi amagwiritsa ntchito pomanga amuna oganiziridwa kuti amagonana ndi amuna anzawo.

Oweruzawo, a Joseph Chigona, a Chimbizgani Kacheche ndi a Vikochi Chima, adakana pempho la a Jan Willem Akster, nzika ya dziko la Netherlands, ndi a Jana Gonani, omwe bwalo la majisitireti ku Mangochi lidawalamula mu December 2021 kukakhala kundende zaka 8. Bwalolo lidati aliyense wosakondwa ndi malamulowa akagogode ku Nyumba ya Malamulo, poti ntchito yosintha lamulo ndi ya aphungu osati oweruza.

Atsogoleri ambiri a mipingo ndi a Chisilamu adalandira chigamulochi ndi manja awiri, pomwe bungwe la Amnesty International lidati chabwezera m'mbuyo nkhani ya ufulu wachibadwidwe m'dziko muno.

Komabe pali funso lomwe bwalo silidafunsidwe, choncho silidaliyankhe, ngakhale ndi lomwe likusowetsa tulo anthu ena m'makomo. Kodi mayi kapena bambo achite chiyani akazindikira kuti mwana wawo wamwamuna mtima wake uli pa amuna anzake, kapena wamkazi uli pa akazi anzake? Kuyambira 2009 dziko lino lakhala likukangana za nkhaniyi m'mabwalo a milandu, m'misewu, m'magome a m'matchalitchi ndi m'misonkhano ya mayiko opereka thandizo. M'malo onsewa mawu a makolo sadamvekepo.

Nkoyenera kuyamba ndi zomwe lamulo likunena, chifukwa ambiri amalitchula asadaliwerenge. Gawo 153 limapereka chilango cha zaka 14 kundende kwa wopezeka wolakwa pa zomwe limazitcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 154 limapereka zaka 7 kwa woyesera kuchita zimenezo, ndipo gawo 156 limapereka zaka 5 pa mchitidwe wolaula pakati pa amuna. Magawowa adabwera ndi boma la atsamunda a ku Britain, lomwe lidakhazikitsa malamulo a milandu a Nyasaland mu 1930. Akazi sadali kutchulidwa mwachindunji mpaka mu December 2010, pomwe aphungu adawonjezera gawo 137A lopereka zaka 5 kwa akazi ochita zolaula ndi akazi anzawo, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu Bingu wa Mutharika, adalisayinira kumayambiriro kwa 2011.

Magawo onsewa akulanga mchitidwe womwe umayenera kutsimikizidwa ndi umboni m'bwalo. Palibe pomwe akunena kuti maonekedwe a munthu, kayendedwe kake, kavalidwe kake kapena mphekesera za anthu oyandikana naye ndi mlandu. Palibenso pomwe akulamula kuti wotere athamangitsidwe pakhomo, achotsedwe sukulu, amenyedwe pamsika kapena abwezedwe kuchipatala. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe otsutsana ndi mchitidwewu amalitchula kawirikawiri chifukwa limati banja ndiye maziko a mtundu, limapitiriza kunena kuti aliyense wa m'banjamo ayenera kulemekezedwa mofanana ndi kutetezedwa ku nkhanza, kunyanyalidwa ndi kudyeredwa masuku pamutu.

Nkhaniyi idaphulika pa 26 December 2009, pomwe a Steven Monjeza ndi a Tiwonge Chimbalanga adachita chinkhoswe ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Patangopita masiku awiri apolisi adawamanga. Pa 20 May 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa adawalamula kukagwira ntchito yakalavulagaga kwa zaka 14, chomwe ndi chilango chokwera kwambiri pa mlanduwo. Pa 29 May, atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations wa nthawiyo, a Ban Ki-moon, a Mutharika adawakhululukira awiriwo. Iwo adanenetsa kuti achita izi chifukwa cha chifundo chabe, ndipo adati zomwe awiriwo adachita nzosemphana ndi chikhalidwe, chipembedzo komanso malamulo a dziko lino.

A Chimbalanga, omwe amadziona ngati mkazi ndipo ambiri amawadziwa kuti Aunt Tiwo, sadathe kukhalanso mwamtendere m'dziko muno. Adasamukira ku South Africa komwe adakakhala ngati othawa kwawo.

M'miyezi yonse ya mlanduwo, omwe adaima ndi awiriwa adali mabungwe awiri: Centre for the Development of People, lodziwika kuti CEDEP, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2005 ndipo linkatsogozedwa ndi a Gift Trapence, ndi Centre for Human Rights and Rehabilitation, lomwe mkulu wake nthawiyo adali a Undule Mwakasungula. Sizidali zophweka. Apolisi adachita chipikisheni ku ofesi ya CEDEP ku Blantyre ndi kulanda mabuku ophunzitsira za Edzi ponena kuti ndi zolaula, ndipo kumayambiriro kwa 2010 mnyamata wina adamangidwa mumzindawo chifukwa chomata zikalata zonena kuti anthuwa nawonso ali ndi ufulu.

Chikhululukiro cha 2010 chidatulutsa anthu awiri m'ndende, koma chidasiya chipsera chomwe sichidapolebe. Kwa Amalawi ambiri chidaoneka ngati umboni woti nkhaniyi ndi ya azungu, ndipo boma lidagonja chifukwa cha ndalama. Maganizowa adakula mu October 2011, pomwe nduna yaikulu ya dziko la Britain ya nthawiyo, a David Cameron, adati dziko lawo likhoza kuchepetsa thandizo ku mayiko osalemekeza ufulu wa anthuwa. Chomwe ambiri adaiwala nchakuti mabungwe ochuluka a mu Africa omenyera ufulu womwewo adalemba chikalata chotsutsa ganizoli, ponena kuti thandizo likadulidwa, anthu omwe akuti akutetezedwawo ndiwo adzalozedwe chala kuti asowetsa mankhwala m'zipatala. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo omenyera ufulu a kuno kwawo adaliona msanga vutoli kuposa abwenzi awo akunja.

Kunena zoona, mawu oti mathanyula, omwe lero amagwiritsidwa ntchito monyoza, adalipo kale m'chinenero chathu mabungwewa asadabadwe, ndipo akatswiri a mbiri amawagwirizanitsa ndi moyo wa m'makomboni a m'migodi ya ku Joni m'nthawi ya Wenela. Chomwe nchotsimikizika kuti chidachokera ku Ulaya ndi lamulo la 1930.

Zaka zotsatira zidali za kukokanakokana. Mu May 2012 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, mayi Joyce Banda, adauza Nyumba ya Malamulo kuti boma lawo likufuna kuchotsa malamulowa, koma palibe bilo yomwe idabwera. Mu November chaka chomwecho nduna ya za chilungamo, a Ralph Kasambara, adalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milanduyi, kenaka adakana kuti sadanene choncho. Mu December 2015, amuna awiri atamangidwa ku Lilongwe, nduna ina ya za chilungamo, a Samuel Tembenu, adatsimikiza kuti boma laimitsa kaye kugwiritsa ntchito malamulowa ndipo awiriwo adamasulidwa. Mu February 2016 abusa atatu a ku Mzuzu adakatenga chiletso kubwalo lalikulu choimitsa ganizo la bomalo. Mawu a nduna adabwera ndi kupita, lamulo lidakhala pomwepo.

Poona kuti khomo la ndale ndi lotseka, mabungwe adalowera khomo la zaumoyo, ndipo kumeneko ndi komwe ntchito yooneka idagwirika. Kafukufuku yemwe adachitika mu 2008 m'mayiko a Malawi, Namibia ndi Botswana, mothandizana ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Johns Hopkins ya ku America, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2009, adapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo omwe adayezedwa ku Malawi, 21 mwa 100 aliwonse adali ndi kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa boma wa 2010 adapeza kuti mwa anthu onse akuluakulu m'dziko muno chiwerengerocho chidali pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse.

Kafukufuku wa m'mayiko atatu uja adaonetsanso chinthu china chomwe chimakhudza mabanja mwachindunji: oposa theka la amunawo adali atagonanapo ndi amuna komanso akazi m'miyezi 6 yapitayo. Apa ndi pomwe nkhaniyi imalekera kukhala ya kagulu kochepa. Mnyamata yemwe wakakamizidwa kukwatira pofuna kutseka pakamwa anthu a m'mudzi amalowetsa m'mavuto mwana wamkazi wa eni ake, yemwe sadauzidwe kanthu, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri amadzakhala pansi kukonza banja lomwe gwero la vuto lake palibe angalitchule.

Unduna wa zaumoyo ndi bungwe la National AIDS Commission adazindikira zimenezi. Ndondomeko ya dziko lino yolimbana ndi Edzi ya 2015 mpaka 2020 idaika amuna ogonana ndi amuna anzawo m'gulu la anthu ofunika kufikiridwa mwapadera. Kuchokera apo padatsegulidwa malo m'mizinda ndi m'maboma ena komwe anthuwa ankapita kukayezetsa magazi, kulandira makondomu, mankhwala otalikitsa moyo ndi uphungu, mothandizidwa ndi anzawo ophunzitsidwa. Motero boma limodzi lomwelo linkawafuna anthuwa kuchipatala masana, lamulo lake likuwatcha opalamula usiku. Nzosokoneza, koma zidapulumutsa miyoyo.

Malowa ankagwiranso ntchito ina yomwe sidalembedwe pa zikwangwani. Mnyamata wothamangitsidwa kwawo ankapezako womumvetsera, womulozera kogona, kapena womuperekeza kupolisi akamenyedwa.

Vuto lake nlakuti nyumbayi idamangidwa pa ndalama za eni. Gawo lalikulu la ntchitoyi linkayendetsedwa ndi thandizo la boma la America kudzera mu ndondomeko ya PEPFAR ndi bungwe la USAID. Pa 20 January 2025 mtsogoleri wa dzikolo, a Donald Trump, adalamula kuti thandizo lopita kunja liyambe laima kwa masiku 90. Chilolezo chomwe chidatsatira chidalola kuti mankhwala otalikitsa moyo apitirire kuperekedwa, koma mankhwala oteteza munthu kuti asatenge kachilombo adangololedwa kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Pofika July 2025 bungwe la USAID lidali litatsekedwa. M'mayiko ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa, ntchito zofikira magulu apaderawa ndizo zidayamba kugwa.

Choncho mizati iwiri yomwe omenyera ufuluwa adatsamira, bwalo la milandu ndi ndalama za Edzi, yonse idagwedezeka m'miyezi yosakwana 12. Wachitatu, womwe ndi Nyumba ya Malamulo, suoneka kuti ungathandize msanga. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wa 2014 ndi 2015 m'mayiko 33 adapeza kuti Amalawi 6 okha mwa 100 aliwonse ndiwo adati sangadandaule kuyandikana nyumba ndi munthu wotere. Ku Zambia adali 7, pomwe ku Mozambique, dziko lomwe lidachotsa milanduyi m'malamulo ake mu 2015, adali 56. Phungu aliyense amadziwa kuwerenga mavoti.

Mphamvu za mbali ziwirizi zidaonekera poyera m'misewu. Pa 26 June 2021 anthu pafupifupi 50, ambiri ataphimba nkhope, adayenda mumzinda wa Lilongwe motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance ndi kukapereka chikalata cha madandaulo awo kuboma. Kadali koyamba zotere kuchitika m'Malawi. Pa 13 July 2023 anthu zikwizikwi adayenda m'mizinda ndi m'maboma motsogozedwa ndi maepiskopi a mpingo wa Katolika, bungwe la Malawi Council of Churches, la Evangelical Association of Malawi ndi la Muslim Association of Malawi. Ku Blantyre adatsogolera ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa.

Zionetsero za 2023 zidalengezedwa ngati zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Komatu mlandu womwe udali m'bwalo sudali wa ukwati. Nkhani ya ukwati idatsekedwa kale ndi lamulo la maukwati la 2015, lomwe limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Chomwe bwalo linkaunika nchakuti kodi akuluakulu awiri ogwirizana ayenera kupita kundende pa zomwe achita kuchipinda. Munthu akhoza kukana ukwatiwo ndi mtima wonse, nakanabe kuti mwana wa mlongo wake akakhale ku Chichiri kapena ku Maula zaka 14. Kusakaniza mafunso awiriwa kwachititsa kuti anthu a maganizo apakatikati asowe poima.

M'khamu la pa 13 July lija simukadalephera kukhala makolo omwe kunyumba adasiya mwana yemwe akumudziwa bwino lomwe momwe alili. Kholo lotere lilibe koti lipite. Ku mabungwe a zaufulu limaona ngati nkwa achinyamata ndi azungu, ndipo kutchalitchi likuopa kuti nkhani ikangotuluka m'kamwa, mawa ili ponseponse.

Mayiko ena adadutsamo m'njira imeneyi. Mu April 1972 mnyamata wina wa ku New York, Morty Manford, adamenyedwa pa hotela ina mumzindawo pomwe ankagawa timapepala todandaula za momwe nyuzipepala zinkalembera za anthu onga iye, apolisi akungoyang'ana. Mayi ake, a Jeanne Manford, omwe adali mphunzitsi wa kupulayimale, adalemba kalata ku nyuzipepala ya New York Post yodzudzula apolisiwo ndi kuvomera poyera kuti mnyamatayo ndi mwana wawo ndipo amamukonda. Mu June chaka chomwecho adayenda naye limodzi pa zionetsero atanyamula chikwangwani chopempha makolo anzawo kuti agwirizane pothandiza ana awo. Achinyamata ambiri adawathamangira kuwapempha kuti akalankhule ndi makolo awo. Mu March 1973 anthu pafupifupi 20 adakumana m'chipinda cha tchalitchi cha Methodist ku Greenwich Village, ndipo msonkhanowo ndiwo udabala bungwe lomwe lero limadziwika kuti PFLAG, lomwe lili ndi nthambi mazanamazana m'dziko la America.

Chofunika kuona ndi nthawi yomwe izi zidachitika. Mu 1973 kugonana kwa amuna okhaokha kudali kukadali mlandu ku New York, ndipo kudakhala choncho mpaka 1980. Madokotala a matenda a maganizo m'dzikolo adachotsa khalidweli pa mndandanda wa matenda mu December 1973, miyezi 9 makolo aja atayamba kale kukumana, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatero mu 1990. Bwalo lalikulu kwambiri la dziko la America lidathetsa milanduyi m'zigawo zonse mu 2003, patatha zaka 30. Makolo aja sadadikire lamulo, ndipo pa misonkhano yawo yoyamba nkhani yaikulu sidali ya ndale. Adali anthu odabwa, amanyazi, ena okwiya, omwe ankafuna kumva kwa kholo linzawo kuti lidapirira bwanji.

Pali umboni woti zomwe makolo amachita m'masiku oyambirirawo zimalemera kwambiri. Kafukufuku wa a Caitlin Ryan ndi anzawo a ku San Francisco State University, yemwe adasindikizidwa mu 2009 atafunsa achinyamata 224 a zaka 21 mpaka 25, adapeza kuti omwe adakanidwa kwambiri ndi mabanja awo adali pa chiopsezo choyesa kudzipha chokula maulendo oposa 8 poyerekeza ndi omwe sadakanidwe kapena adakanidwa pang'ono. Chiopsezo cha matenda a nkhawa chidali chokula pafupifupi maulendo 6, ndipo cha mankhwala ozunguza bongo komanso kugonana kosadziteteza chidaposa maulendo 3. Ziwerengerozi ndi za ku California, sizingakopedwe momwe zilili kuti zikhale za ku Ntcheu kapena ku Karonga. Koma akatswiriwa adaonanso kuti ngakhale makolo osagwirizana ndi khalidweli pa zifukwa za chipembedzo amachepetsa ngoziyi akangosiya kumenya, kutukwana ndi kuthamangitsa mwanayo.

Wina anganene kuti izi ndi za ku America. Ku Uganda, aphungu atavomereza mu March 2023 bilo yokhwima yomwe ili ndi chilango cha imfa pa milandu ina, gulu la amayi omwe ali ndi ana otere lidalemba kalata yapoyera kwa mtsogoleri wa dzikolo, a Yoweri Museveni, yowapempha kuti asasayinire. Amayiwo adalemba ngati makolo, adaika maina awo, ndipo adakana zoti ana awo adachita kukopedwa ndi ndalama zakunja. A Museveni adasayinirabe mu May 2023. Mu April 2024 bwalo lomasulira malamulo la dzikolo lidasunga lamulolo, koma lidachotsamo gawo lomwe linkakakamiza anthu kukanena kupolisi aliyense yemwe akumuganizira, komanso loletsa kuchititsa lendi nyumba kwa anthuwa. Amayi aja sadapambane, koma adathetsa bodza loti anthuwa alibe kwawo.

Ku Malawi zifukwa zomwe makolo amakhalira chete nzomveka, ndipo woziona ngati mantha wamba sadakhalepo kumudzi. Mwana kuno si wa anthu awiri. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi cha kum'mwera mwini mbumba, yemwe ndi malume, ali ndi mawu pa za ukwati wa mwana wa mlongo wake, pomwe kumpoto abale a kuchimuna ndiwo amasonkha malowolo ndi kuyembekezera zidzukulu zosunga dzina. Munda umachokera kubanja. Malo ogona kwa wofuna ntchito m'tauni amachokera kwa achibale. Fizi imachokera kwa azakhali kapena achimwene. Ndipo munthu akamwalira, adzukulu okumba manda ndi amayi ophika pamaliro ndi a m'mudzi momwemo. Wochotsedwa m'banja amataya zonsezi pa tsiku limodzi, ndipo boma lilibe thumba loti limuwolokere.

Nayenso mayi ali ndi zake zoti ataye. Ngati ndi wa Mvano, wa Chigwirizano kapena wa Umanyano, kapena ndi mtsogoleri wa mphakati, amadziwa kuti anthu adzafunsa kuti adalera bwanji. Ena adzati nkukhwima, ena adzati ndi ziwanda, ena adzati ndi chuma cha usatana. Mabuku awiri a mbiri za moyo wa anthuwa, Queer Malawi la 2010 ndi Proudly Malawian la 2016, komanso lipoti la bungwe la Human Rights Watch la October 2018 lomwe lidafunsa anthu 45 ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akuonetsa anthu okhala mwamantha pakati pa abale awo, oyandikana nawo, apolisi ndi achipatala.

Pali mabanja ena, mwina ochuluka kuposa momwe anthu amaganizira, omwe adasankha njira yachitatu: akudziwa, sakufunsa, ndipo mwanayo akudya nawo nsima. Chibale ndi fupa, sichiola. Kukhala chete kotereku kwasunga anthu ambiri amoyo ndipo sikoyenera kukupeputsa. Koma kuli ndi malire. Sikuteteza mwana akagwidwa ndi gulu la anthu olusa, sikuletsa omuopseza kuti amuulula akapanda kuwapatsa ndalama, ndipo kawirikawiri mtengo wake umakhala ukwati wokakamiza uja.

Mipingo ili ndi mpata pano womwe sufuna kuti isinthe chiphunzitso chake. Maepiskopi a Katolika m'Malawi adakana mu December 2023 kudalitsa maubwenzi otere, ngakhale likulu la mpingowu ku Vatican lidali litatsegulako khomo. Koma katekisimu wa mpingo womwewo, pa ndime 2358, amaphunzitsa kuti anthuwa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo asasalidwe mopanda chilungamo. Malemu Papa Francis adauza atolankhani mu August 2018 kuti makolo asathamangitse mwana wotere m'banja, mu January 2022 adapempha makolo kuti aziyenda nawo anawa osati kuwaweruza, ndipo mu January 2023 adati kukhala wotere si mlandu. Mu February chaka chomwecho, pochokera ku South Sudan, adabwereza mawuwa ali limodzi ndi mkulu wa mpingo wa Anglican wa nthawiyo, a Justin Welby, ndi mtsogoleri wa nthawiyo wa Church of Scotland, umodzi mwa mipingo yomwe idabala CCAP, a Iain Greenshields. Kuno kwathu bungwe la atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi Edzi la MANERELA+ lakhala likukonza zokambirana pakati pa abusa, mashehe ndi magulu osalidwa. Mbusa yemwe angathe kulalikira kuti ndi tchimo Lamulungu, angathenso kuuza bambo wolusa Lolemba kuti mwana sathamangitsidwa usiku.

Nalo boma lili ndi malonjezo omwe chigamulo cha 2024 sichidafafanize. Mu 2014 bungwe loona za ufulu wa anthu la mgwirizano wa mayiko a mu Africa, pa msonkhano wake ku Luanda m'dziko la Angola, lidavomereza mfundo nambala 275 yopempha mayiko kuthetsa nkhanza zochitira anthuwa ndi kuteteza owayankhulira. Mu 2015, pa kauniuni wa ufulu wachibadwidwe ku Geneva, dziko la Malawi lidakana pempho lochotsa malamulo aja koma lidavomera mfundo ziwiri: kuteteza anthuwa ku ziwawa ndi kuzenga milandu ozichita, komanso kuonetsetsa kuti akulandira thandizo la chipatala. Kukwaniritsa izi sikufuna bilo. Kukufuna kuti wapolisi wa ku nthambi yothandiza ozunzidwa alembe dandaulo la womenyedwa m'malo momufunsa za kuchipinda kwake, ndi kuti namwino asunge chinsinsi cha wodwala monga momwe lumbiro lake likunenera.

Chotsalira ndi ufulu wosonkhana. Mu 2016 a Nyasa Rainbow Alliance, motsogozedwa ndi a Eric Sambisa, adapempha boma kuti lilembetse bungwe lawo m'kaundula. Mu 2017 adakanizidwa pa chifukwa choti mchitidwe wa anthu omwe bungweli likuwaimira ndi woletsedwa, ndipo chaka chomwecho adakatula nkhaniyi kubwalo lalikulu, potsamira gawo 32 la malamulo oyendetsera dziko lino lomwe limapereka ufulu wokhazikitsa ndi kulowa m'mabungwe.

Ku Botswana funso lomweli lidayankhidwa mu March 2016, pomwe bwalo la apilo lidalamula boma kulembetsa bungwe la LEGABIBO. Oweruza adati lamulo limaletsa mchitidwe wina, koma silidaletse munthu kukhala momwe alili kapena kupempha mwamtendere kuti lamulo lisinthe. Nthawi imeneyo milanduyi idali ikadali m'malamulo a dzikolo, ndipo idachotsedwa mu 2019. Ku Kenya bwalo lalikulu kwambiri lidagamula chimodzimodzi mu February 2023, ngakhale kumeneko chilango cha zaka 14 chidakalipo.

Nkhaniyi ikukhudza makolo mwachindunji. Amayi ndi abambo khumi a ku Ndirande kapena ku Area 25 atafuna lero kukhazikitsa gulu lolimbikitsana, kutsegula buku kubanki ndi kuchita lendi chipinda chokumaniramo, angafunike kukagogoda pa ofesi yomweyo yomwe idabweza a Sambisa ndi anzawo mu 2017, atalemba maina awo enieni ndi cholinga cha gulu lawo pa fomu.